Zikundu za m'manja mwa amayi oyendera ndodo

Chisanu chafika, ndipo ife a kuno kumapiri a Ntchisi ndi Dowa tayamba kale kuchimva m'mafupa. Ino ndi nyengo imene khungu limauma, milomo imasweka, mapazi nachita ming'alu. Tsono sabata ino ndati ticheze za manja a anzathu amene amayendera ndodo chaka ndi chaka, kaya ndi ndodo zija zofika m'khwapa, kaya ndi zija zolekeza m'chigongono. Kwa mayi wotere dzanja ndilo phazi lake. Likang'ambika ndiye kuti ulendo wa kuchigayo, kusikelo ndi kutchalitchi waima, ngakhale thupi lonse lili bwinobwino.

Mwina wina anena kuti nkhani imeneyi siikundikhudza, pakuti miyendo yanga ndi yangwiro. Mayi mnzanga, akuluakulu adati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Masiku ano njinga zamoto za kabaza zathyola miyendo ya anthu ambiri, matenda a shuga adulitsa miyendo ya ena, ndipo ukalamba nawo umadza ndi zake. Ngati si inu, ndiye mwina ndi apongozi anu, mlamu wanu, mwana wanu kapena bambo a kunyumba kwanu. Ndipo tonse tidziwa kuti odwala pakhomo amasamalidwa ndi mayi.

Ambiri mwa amene ayendera ndodo nthawi yaitali m'midzi yathu ndi aja adagwidwa ndi poliyo ali ana, katemera asanafike ponseponse. M'chaka cha 1979 kudakhazikitsidwa bungwe la Malawi Against Polio, limene lidayamba kuyendera zipatala ndi kupatsa ana otere ndodo, zitsulo za m'miyendo ndi njinga. Pambuyo pake bungweli lidasintha dzina n'kukhala Malawi Against Physical Disabilities, popeza lidayamba kuthandiza aulumali wa mitundu ina. Ana amene adalandira ndodo masiku amenewo lero ndi azimayi a mabanja awo, ena ndi agogo. Tangoganizani, zaka zoposa 40 thupi lonse likutsamira pa zikhatho ziwiri! Poliyo wa mtundu umenewu adaoneka komaliza mu 1992, tonse n'kumati wapita. Koma mu February 2022 boma lidalengeza kuti wapezekanso mwa mwana wina ku Lilongwe. Chomwecho alangizi a zaumoyo akamaitana za katemera, tisamabise ana kuseri kwa nkhokwe.

Kodi chikundu n'chiyani? Ndi khungu limene lakhuthala ndi kuuma chifukwa chopanikizika ndi kukhudzana ndi chinthu cholimba malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Tonse olima timachidziwa, pakuti mpini wa khasu umatisiyira zikundu m'tsinde mwa zala. Koma zathu za khasu zimafewa tikakolola. Mnzathu wa ndodo alibe nyengo yopuma. Mayi amene miyendo yake yonse ndi yofooka, akamaponya thupi kutsogolo, manja ake amanyamula kulemera kwake konse pa sitepe iliyonse. Ngati mayiyo alemera makilogalamu 60, ndiye kuti zikhatho zake zikusenza katundu woposa thumba la feteleza, kuchokera pakhomo mpaka kumjigo ndi kubwerera. Thupi poona zimenezi limadzimangira lokha chishango.

Choncho chikundu pachokha si matenda ayi, ndipo amene akufuna kuchichotsa chonse kuti dzanja likhale losalala ngati la mwana wasukulu akudziputira mavuto. Khungu lanthete pa chogwirira ndodo limatuluka matuza tsiku lomwelo. Chimene tifuna ndi chikundu chopyapyala, chosalala ndi chofewa ngati chikopa chofufuta bwino. Choipa ndi chija chakula ngati nsangalabwi, chouma gwa, cha m'mphepete mokwera. Chimenecho chimadinda mnofu wa pansi pake ngati mwala wa mu nsapato, nthawi zina magazi n'kugwera m'kati, pooneka kadontho kakuda. Chikauma kwambiri chimang'ambika motsata mizere ya m'chikhatho, ndipo mng'alu umenewo ndiwo khomo la tizilombo.

Tisanafike pa madzi ndi mafuta, tiyambe taona ndodo yeniyeniyo, pakuti zikundu zambiri zoipa gwero lake ndi ndodo yosayenera msinkhu wa mwini wake. M'midzi muno ndodo zimayenda ngati mphika wa pamaliro: ya malemu amalume aatali imapatsidwa kwa mtsikana wamfupi, osaiyeza n'komwe. Kuyeza kwake sikufuna sukulu. Mayiyo aimirire chilili atavala nsapato zimene amayendera, nsonga za ndodo zili pambali ndi patsogolo pang'ono pa mapazi, mtunda wonga kutalika kwa dzanja. Pakati pa khwapa ndi mutu wa ndodo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu. Kenaka agwetse mikono momasuka. Chogwirira chizilingana ndi mfundo ya dzanja, paja tivala wotchi kapena chibangili. Akagwira, chigongono chizipindika pang'ono chabe. Chogwirira chikakwera kwambiri, dzanja limapindikira kumbuyo, katundu yense n'kugwera m'tsinde mwa chikhatho. Chikatsika kwambiri, mayi amawerama, nayamba kupachika thupi m'khwapa. Ndodo zambiri za matabwa ndi za chitsulo zili ndi mabowo osunthira chogwirira, kotero kukonza kwake n'kumasula bawuti basi. Ndodo ya m'chigongono nayo chogwirira chake chiyezedwa chimodzimodzi, ndipo chibangili chake chizikhala m'munsi pang'ono mwa chigongono kuti mkono uzipindika bwino.

Pano ndichenjeze kolimba. M'manja mukayamba kuwawa, munthu amathawira m'khwapa, namatsamira mutu wa ndodo kuti zikhatho zipume. Zimenezi zimaoneka zanzeru koma n'zoopsa, chifukwa m'khwapa mumadutsa mitsempha yoyendetsa mkono wonse. Ikapanikizika masiku ambiri, dzanja limalobodoka, osatha kudzuka pa mfundo paja, ndipo kuchira kwake kumatenga milungu kapena miyezi. Mutu wa ndodo ntchito yake n'kutsamira m'nthiti, pansi pa khwapa, kuti ndodo isagwedezeke. Wosenza thupi ndi manja. Mukaona mnzanu akucheza pamsika atadzipachika m'khwapa, mupatseni mpando.

Tsono chogwirira. Chambiri chimakhala kamtengo kozungulira, kowonda ngati mthiko, ndipo kuwonda kumeneko n'kumene kumadula chikhatho pamzere umodzi. Chogwirira chabwino n'chonenepa moti chala chamanthu ndi chamkombaphala zingotsala pang'ono kukumana, ndiponso chotambalala pamwamba kuti katundu agawike m'chikhatho chonse. Mmisiri wa matabwa aliyense pa Malomo, pa Mponela kapena paboma angathe kusema chotere mutamulongosolera, n'kuchisalaza ndi sandipepala. Pofuna kuchifewetsa, dulani nsapato ya patapata yakutha kapena siponji yolimba, muyale pamwamba, mukulunge ndi legeni la chubu cha njinga mothina bwino. Koma legeni lokha limatenthetsa dzanja ndi kuchititsa thukuta, ndipo khungu lonyowa silichedwa kutupa matuza. Chomwecho pamwamba pake sokerani kansalu ka thonje, kapena mbali ya sokosi yakale, koti muzivula ndi kuchapa. Msoko ndi mfundo zonse zikhale kunsi, kumene chikhatho sichifikako. Ndaonapo amayi atakulunga chitenje chathunthu pa chogwirira mpaka kukula ngati chitsa. Kumeneko n'kupitirira muyeso: dzanja limalephera kufumbata, nsalu imazungulira, munthu n'kugwa. Siponji ikaphwa isintheni, pakuti yophwa ndi chimodzimodzi thabwa. Muzionanso bawuti wa chogwirira sabata iliyonse. Akakhwepa, chogwirira chimatembenuka pa sitepe iliyonse n'kumapala khungu.

Magolovesi aja avala okwera njinga, odula zala ndi okhala ndi kasiponji m'chikhatho, amathandiza kwambiri, ndipo nthawi zina amapezeka m'kaunjika. Akhale okwana bwino, chifukwa aakulu amapinda makwinya amene amadya khungu. Mphete nayo, ngakhale ya ukwati, imatsina khungu m'tsinde mwa chala. Pa ulendo wautali ndi bwino kuivala m'khosi pa kachingwe, bambo atauzidwa chifukwa chake kuti pasakhale milandu.

Ambiri sadziwa kuti mphira ya kunsi kwa ndodo ili ndi mbali pa nkhani ya manja. Kuno kwathu njira n'zokwera ndi zotsika, zamiyala m'chilimwe, zoterera ngati therere m'dzinja. Mphira ikatha, thabwa kapena chitsulo chimagunda pansi mwachindunji, ndipo kugunda konseko kumathera m'chikhatho. Ndiponso munthu woopa kuterereka amafinya chogwirira ndi mphamvu zonse, kufinya kumene kumakulitsa zikundu ndi kutopetsa zala. Tembenuzani ndodo muone kunsi. Ngati mizere yafufutika, kapena mbali imodzi yadyeka, nthawi yosintha yakwana. Mphira ya kusitolo ikasowa, aja osoka nsapato za matayala amatha kudula chidutswa cha tayala la galimoto n'kuchikhomera bwino. Ndodo zonse ziwiri zisinthidwe pamodzi kuti ina isatalike kuposa inzake. Poyenda, dzanja likhale lowongoka, thupi lizitsamira pa mnofu wa chikhatho, zala zingofumbata mosafinya. Potsika phiri masitepe akhale aafupi.

Tibwere ku chisamaliro cha madzulo, chimene chili mtima wa nkhani yonseyi. Njira yake ndi itatu yotsatana, kuviika, kukwecha ndi kudzola, ndipo ndi yomweyo imene achipatala akhala akuphunzitsa odwala khate kwa zaka zambiri pofuna kuteteza manja ndi mapazi awo. Ntchito zonse zikatha, ana atadya, mayi akhale pansi aviike manja m'beseni la madzi ofunda pang'ono kwa mphindi 15 kapena 20. Madzi okha akwanira, osathiramo sopo wa ufa kapena mankhwala ochapira. Chikundu chikafewa n'kuyera, atenge mwala uja tikwechera mapazi, wosalala bwino ndi wotsuka, akweche mopepuka mozungulira, makamaka m'mphepete mokwera muja. Cholinga n'kuchepetsa pang'ono chabe. Akangomva kuwawa kapena kuona khungu lofiirira, aleke. Kukwecha kukwanira kawiri kapena katatu pa sabata, koma kuviika ndi kudzola n'kwa tsiku lililonse, makamaka mu June, July ndi August muno. Pang'onopang'ono ndi mtolo: chikundu cha zaka khumi sichingathe usiku umodzi.

Chinsinsi chili pa kudzola. Mafuta sanyowetsa khungu, ntchito yake n'kutsekera madzi amene alowa kale. Choncho osadikira kuti manja aume. Angowasansa kapena kuwapukuta pang'ono, n'kudzola pomwepo akadali a chinyezi, akusisita chikundu ndi chala chamanthu. Kumene kuli ming'alu apake mokhuthala, n'kuvala sokosi zoyera m'manja pogona. M'mawa zinthu zisiyana: dzanja lamafuta limaterereka pa chogwirira, kotero asambe ndi kupukuta bwino asananyamuke.

Nanga mafuta ake ati? Vaseline ndiye woposa onse, ndipo kabotolo kamodzi kamakhalitsa. Mafuta a nsatsi, amene agogo athu ankayenga okha, nawonso ndi okhuthala bwino. Koma mafuta ophikira, a mtedza kapena majarini, musagone nawo m'manja, chifukwa fungo lake limaitana makoswe ndi nyerere usiku, ndipo nyumba zathu zambiri zosungiramo chimanga makoswe sasowa. Mafuta onunkhira aja amadzimadzi amangokoma m'mphuno, pa chikundu sapindula kwenikweni. Kwa a m'tauni, m'masitolo a mankhwala mumapezeka mafuta okhala ndi yureya ofewetsa khungu lolimba. Dzinalo lisakusokonezeni, amayi: si feteleza wa kumunda uja ayi, musakatape m'thumba n'kupaka m'manja! Oyilo wa galimoto, girizi, madzi a batire ndi phulusa, zimene ena amalangizana, zimawotcha khungu ndi kuipitsa bala.

Za lezala ndinene mosapsatira mawu. Chizolowezi chosenga chikundu ndi lezala kapena mpeni chapweteketsa anthu ambiri. Munthu amati ndingochotsa pamwamba pokha, koma malire a khungu lakufa ndi lamoyo saoneka ndi maso, makamaka pa kuwala kwa tochi. Ndipo wosenga dzanja lamanja amagwira lezala ndi lamanzere. Bala la pachikhatho cha woyendera ndodo silipola msanga, popeza m'mawa mwake thupi lonse litsamira pomwepo, bala n'kuyasamanso. Lezala lobwerekana limapatsirana matenda a m'magazi, ndipo bala lolowa dothi limaitana kafumbata. Chikundu chikafika poti mwala walephera, achipatala ndiwo achichepetse ndi zipangizo zawo zophitsa.

Pali anzathu ena ofunika kusamala koposa, ndiwo amene manja awo samva bwino kuwawa kapena kutentha. Otere ndi odwala shuga nthawi yaitali ndi amene adadwalapo khate. Dziko lathu lidafika pa muyeso wa bungwe la zaumoyo la dziko lonse wogonjetsa khate mu 1994, kutanthauza kuti odwala adachepera mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Koma nthendayi siidatheretu, ikupezekabe, ndipo mankhwala ake ndi aulere kuchipatala. Ululu ndi mlonda wa thupi. Amene mlonda wake wagona angathe kuyenda tsiku lonse ndi thuza lophulika osadziwa kanthu. Mayi wotere aziyang'ana manja ake ndi maso madzulo alionse, kuseri ndi kuno, ndi pakati pa zala. Maso akafooka, mwana kapena mdzukulu amuonere. Madzi oviikamo ayesedwe ndi chigongono kapena ndi munthu wina, kuopa kupsa. Timapepala tija tomata togulitsidwa kuti tidye zikundu tili ndi asidi, choncho wodwala shuga kapena wa manja adzanzi asatiyandikire n'komwe. Ndipo kadontho kakuda kakaoneka pansi pa chikundu, kapena pamalopo pakatentha kuposa pena, apite kuchipatala osadikira kuti paphulike.

Thuza likatuluka, lisiyeni ndi khungu lake, pakuti khungulo ndilo bandeji yoposa zonse. Dulani kansalu kokhuthala kapena siponji mozungulira ngati nkhata, bowo lake lilingane ndi thuzalo, mumange kuti chogwirira chizitsamira pa nkhatayo. Likaphulika lokha, tsukani ndi sopo ndi madzi owiritsa ozizira, muphimbe ndi kansalu koyera kochapa ndi kusita. Mng'alu wotuluka magazi utsukidwe ndi madzi a mchere, supuni yaing'ono imodzi m'theka la lita ya madzi owiritsa, kenaka upakidwe Vaseline n'kumangidwa. M'mphepete mwa mng'alu mukakhala molimba, bala silitsekeka, ndiye pamafunika kumakwecha m'mbalimo mosamala pamene layamba kupola. Koma mankhwala aakulu a bala la pachikhatho ndi kupuma masiku angapo, ndipo apa ndi pamene pamavuta, chifukwa mayi akapuma pakhomo pamazima moto.

Zizindikiro zoti musagonenso kunyumba ndi izi: dzanja kutupa ndi kutentha, kuwawa kogunda ngati ng'oma, mafinya, mzere wofiira wokwera kumkono, mwanabere m'khwapa, kapena thupi lonse kutentha. Mafinya a m'chikhatho amayenda m'kati motsata mitsempha ya zala, ndipo akachedwa kuchotsedwa zala zimauma osapindikanso. Kwa woyendera ndodo kumeneko n'kutaya dzanja ndi mwendo nthawi imodzi. Pitani tsiku lomwelo kuchipatala chaching'ono chapafupi, ndipo mufunsenso ngati katemera wanu wa kafumbata akadali ndi mphamvu.

Si zonse zowawa m'manja zimene zili za pakhungu. Mayi akamadzuka usiku ndi dzanzi m'chala chamanthu, chamkombaphala ndi chapakati, namagwetsa singano kapena kapu, ndiye kuti mtsempha wodutsa pa mfundo ya dzanja wapanikizika. Dzanzi likakhala m'chala chaching'ono ndi choyandikana nacho, ndi mtsempha wina wa m'mbali mwa chikhatho. Mwala ndi mafuta sizingathandize pamenepa. Kumbukiraninso kuti amene adadwala poliyo ali ana, ena mwa iwo amayamba kufooka mwatsopano patapita zaka 15 mpaka 40, miyendo ndi mikono n'kumatopa msanga kuposa kale. Si ulesi, ndiponso palibe amene wawalodza. Thupi likafika pamenepo, njinga ya anthu aulumali ija yopalasa ndi manja, kapena chikuku, pa maulendo aatali si kugonja ayi. N'kusunga manja ndi mapewa kuti atumikirebe pakhomo zaka zikubwerazi.

Tsopano ndilankhule ndi ife a miyendo iwiri amene tikhala ndi anzathuwa. Manja omwewo amene ayenda ulendo wa kumunda ndiwo agwira khasu, asinja, atokosa chimanga, aswa mtedza, azula soya wobaya uja, asoka fodya, nachapa ndi sopo wa ufa amene amayamwa mafuta onse a pakhungu. Mayi waulumali kawirikawiri amagwira ntchito mopitirira anzake, pofuna kuti abale a mwamuna asanene kuti mwana wathu adakwatira munthu wongokhala. Ndikudziwa mayi wina wa m'gulu lathu amene ankachapa zovala za banja lonse ali ndi ming'alu yotuluka magazi, osauza munthu, kuopa mawu a alamu ake. Inu apongozi, inu alamu, mawu anu ndi amene akung'amba manja amenewo. Ntchito zigawidwe mwanzeru: zokhala pansi ndi zopepuka m'manja, monga kupeta, kusankha nyemba, kuphika ndi kusoka, zikhale zake. Munsi, nkhwangwa ndi kuchapa mabulangete zipite kwa ena, ndipo ana aamuna nawonso ali ndi manja. Pochapa avale magolovesi a mphira, ndipo akatha atsukuluze manja ndi madzi oyera. Katundu asapachikidwe pa chogwirira ndodo, chifukwa amakoka dzanja ndi kupendeketsa ndodo. Kachikwama ka kumsana kapena chitenje chomanga bwino ndicho choyenera.

Mayi wa ndodo akakhala ndi pakati, kulemera kwake kumakwera mwezi ndi mwezi, manja amatupa, ndipo dzanzi lija limabwera msanga. Akabereka mwana kumbuyo, katunduyo amagweranso m'zikhatho momwemo. Nyengo imeneyi siponji ya pa chogwirira iwonjezedwe, maulendo achepe, ndipo azamba kusikelo auzidwe za manjawo, osangoti za mimba zokha. Kwa amene muli ndi mwana woyendera ndodo, kumbukirani kuti mwana amakula koma ndodo siikula. Muyezeni poyamba pa teremu iliyonse monga muchitira ndi yunifolomu, ndipo muzimutambasula manja pomusambitsa, popeza ana amabisa matuza kuopa kuletsedwa kusewera.

Ilipo mbali ina imene anzathuwa sakamba pagulu. Ena amachita manyazi kupereka moni wa m'manja, amabisa zikhatho m'chitenje, ndipo ena amadandaula kuti bambo kunyumba amanena kuti manja ako akukanda ngati chikwanje. Inu abambo amene mumaba tsamba lino n'kumawerenga mobisa, tikudziwa kuti mulipo, manja amenewo ndi omwe akuphikirani ndi kukulererani ana. Kabotolo ka Vaseline mtengo wake sufika pa zimene mumasiya kumowa Loweruka limodzi. Ndipo palibe lamulo loletsa mwamuna kusisita manja a mkazi wake madzulo.

Kumene kuli thandizo n'kuchipatala cha boma ku Ntchisi kapena ku Dowa, kumene mungafunse a mafupa kapena a mafizo kuti akuyezereni ndodo, ndipo iwo akaona kuti n'zofunika amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Za njinga ndi zipangizo zina funsani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma. Bungwe lija tidalizolowera kuti MACOHA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971, lidasintha dzina potsatira lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024, tsopano likutchedwa MACODA, kotero musadabwe mukamva dzina lachilendo. Popita musasiye ndodo zakale kunyumba n'kubwereka zabwino za mnzanu pofuna kuoneka bwino, pakuti kudyeka kwa mphira ndi kwa chogwirira n'kumene kumauza achipatala mmene mumayendera.

Magulu athu a amayi, kaya ndi a Chigwirizano, a mpingo wina uliwonse kapena a banki m'khonde, angathe kuchitapo kanthu popanda kudikira bungwe lochokera kutali. M'thumba lija la zadzidzidzi mungachoke ndalama ya mphira ziwiri ndi kabotolo ka mafuta. Amene ali ndi makina osokera asoke tinsalu ta pa chogwirira kuchokera ku zidutswa zotsala, tiwiritiwiri kuti tina tikachapidwa tina tizigwira ntchito. Ndipo posankha malo a msonkhano tiziganizira amene abwera ndi manja: nyumba ya pamwamba pa chitunda ingakhale yokongola, koma mnzathu akafika zikhatho zili moto, sabata yotsatira sabweranso. Pa msonkhano wanu ukubwerawu, mlembi alembe maina a onse oyendera ndodo m'mudzi mwanu, ndipo amayi awiri akawayendere atatenga sipanala yaing'ono, chubu chakutha ndi beseni.